Kodi "similar" ndi "chimodzimodzi" kapena ayi? Diresi landibwerera

Mayi Telala, Ndirande

Moni nonse. Ine ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina ku Ndirande kuno, ndipo chaka chino ndi cha 17 ndili pa makina. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, choncho Chingerezi changa ndi chongokwanira kuwerenga uthenga wa pa WhatsApp ndi kuyankha kuti "ok madam". Ndabwera kwa inu odziwa chizungu chifukwa sabata yathayi mawu amodzi okha andidyera nsalu ya mayadi 6 ndi tulo ta masiku atatu.

Ndili ndi kasitomala wanga wakalekale amene amakhala ku UK. Mwezi watha ananditumizira chithunzi cha diresi la chitenje, lalitali lofika m'mapazi, manja otukumuka, pachifuwa mizere itatu ya lesi. Mutu wa wovalayo anaudula pachithunzipo. Pansi pake analemba kuti: "I want something similar to this for the chinkhoswe." Miyezo yawo ndili nayo kale m'kope. Ine nditawerenga "similar" ndinamva kuti "chofanana", basi ndinati apa ndiwaonetsa kuti ku Ndirande kuli manja. Ndinakwera minibasi kupita ku Limbe kawiri konse, kulowa sitolo iyi kutuluka, kulowa iyo kutuluka, mpaka ndinachipeza chitenje chenichenicho, chobiriwira cha maluwa achikasu. Lesi nayenso ndinapeza wa mtundu womwewo. Ndinawerenga ngakhale mabatani a kumsana pachithunzi chachiwiri, analipo 9, ine ndinaika 9.

Tsiku lodzayesa anabwera akusekerera, atandigulira ndi sopo wonunkhira. Nditangolitulutsa diresilo m'pepala nkhope inagwa. Akuti: "Amayi, I said similar, not the same." Kani chithunzicho chinali cha mlamu wawo, ndipo mlamuyo adzavala diresi lomwelo pa chinkhoswe chomwecho. Ine ndinati nanga vuto lili pati, si paja pa chinkhoswe anthu amavala yunifolomu? Iwo akuti yunifolomu anthu amachita kupangana, koma kutulukira utavala ndendende ngati mlamu wako osapangana, anthu aziti ukupikisana naye. Anandilipira theka, diresi anasiya.

Mafunso anga ndi awa. "Similar" amatanthauza chiyani kwenikweni, ngati si chimodzimodzi? Komanso mwana wanga wa Fomu 3 anandiseka nditawalembera kuti "I made it similar with the picture", akuti ndathyola Chingerezi, koma nditamufunsa chifukwa chake anangoti aphunzitsi anatero. Ndiye usiku ndili gone ndinaona kuti "same" ndi "similar" onse ali ndi s ndi m. Kodi ndi pachibale? Anachokera kuti mawu amenewa?

Mphunzitsi Wopuma, Zomba

Mayi, pepani ndi nsaluyo. Ndaphunzitsa Chingerezi kusekondale zaka 31, ndipo cholakwa chimene mwana wanu wakusekerani ndachidula ndi cholembera chofiira kambirimbiri, ngakhale m'makalata a anthu ovala tayi. Musachite nacho manyazi.

Vuto linayambira ku Chichewa chathu chomwechi. Mawu akuti "kufanana" ndi dengu lalikulu. Timati mapasa ndi ofanana, timatinso mwana wafanana ndi amalume ake pamene chofanana ndi mphuno yokha. Timati mitengo ya shuga ndi yofanana m'sitolo ziwiri, kutanthauza kuti palibe kusiyana ngakhale tambala imodzi. Mngerezi dengu limeneli analigawa. Zikakhala kuti palibe kusiyana kulikonse amati "the same" kapena "identical". Zikakhala kuti zikuyenderana pa zambiri koma kusiyana kulipo, amati "similar". Kusiyanako kuli m'kati mwa mawuwo. Munthu akanena kuti zinthu ziwiri ndi "similar", wavomereza kale kuti si chinthu chimodzi.

Umboni wake ndi wakuti "similar" amalola muyezo. Mutha kunena "very similar", "quite similar", "slightly similar". Koma simunganene "slightly the same", monga momwe sitinganenere kuti "chimodzimodzi pang'ono". Ife tikafuna kupereka mpata woterewu timaika kachidutswa kaja ka "-ko" kumapeto: lofananako, lofananirako, lotengerako. Kasitomala wanu akanalemba m'Chichewa akanati "mundisokere lofananirako ndi ili", ndipo inu simukanapita ku Limbe kawiri. Onaninso kuti analemba "something similar". "Something" ameneyo ndiye chala cholozera kuti akufuna chinthu china, cha mtundu umenewo. Akanafuna lenilenilo akanati "exactly like this" kapena "copy this".

Tsopano za "with". Ife timati kufanana NDI, kusiyana NDI, kulingana NDI, chimodzimodzi NDI. Kamawu kamodzi kakugwira ntchito ponseponse, ndiye mutu umangothamangira ku "with". Chingerezi pamenepa chilibe chifundo, mawu aliwonse ali ndi mnzake woyenda naye. Amati "similar to", "the same as", "different from". Ndiye pali "resemble" amene amayenda yekha: "she resembles her mother", popanda "with", popanda "to", popanda "like". Chosokoneza n'chakuti mukasintha n'kunena "similarity", "with" uja amaloledwa: "it has similarities with the other dress". Musafunefune nzeru yakuya pamenepa, n'chizolowezi chabe. Chimene ndinganene n'chakuti Afalansa, kumene mawuwa anadzera, amati "similaire à", ndipo "à" ameneyo ndiye "to" wawo.

Funso lanu lachitatu ndi limene landidzutsa pampando, chifukwa mwalasa. Ndi pachibale ndithu, koma anafika ku England pa njira ziwiri zosiyana, motalikirana zaka mazana angapo.

"Same" anabwera ndi ma Viking, anthu a ku Denmark ndi Norway amene anayamba kuwukira magombe a England m'chaka cha 793, kenako n'kukhazikika kumpoto ndi kum'mawa, mpaka kulanda mzinda wa York mu 866. M'chilankhulo chawo ankati "samr". Anakwatirana ndi eni dziko, anagulitsana malonda, ndipo mawu awo ambiri analowa m'kamwa mwa Angerezi: "sky", "egg", "take", ngakhale "they". "Same" akuoneka m'zolembedwa za Chingerezi cha m'ma 1200. Ndi mawu a kumsika ndi kumunda.

"Similar" ndi mlendo wa dzulodzulo, wa zaka pafupifupi 400 zapitazo, ndipo analowera pakhomo la anthu a mabuku. Anachokera ku Chifalansa "similaire", chimene chinachokera ku Chilatini "similis", kutanthauza chooneka ngati chinzake. Banja la "similis" ndi lalikulu kuposa momwe mungaganizire. "Resemble" ndi wa momwemo, iye anafika msanga, m'zaka za m'ma 1300, nthawi imene Chifalansa chinali chikadali chilankhulo cha mabwana ku England kutsatira kugonjetsedwa kwa dzikolo ndi William wa ku Normandy mu 1066. "Simile" amene ana athu amaloweza m'kalasi, kuyerekeza chinthu ndi chinzake monga "wakuda ngati khala", ndi Chilatini chosasintha n'komwe. Kwa amene munagwirako ntchito mu ofesi kale, makina aja a fax dzina lake ndi chidule cha "facsimile", kuchokera ku "fac simile", kulamula kuti "panga chofanana". Mwaona, kumeneko "simile" akutanthauza kope lenileni. Mukanakhala telala wa ku Roma mwina mlandu mukanawina.

Nanga ubale uli pati? Akatswiri a zilankhulo anapeza kuti Chilatini, Chigiriki, Sanskrit ya ku India ndi zilankhulo za Chijeremani, kuphatikizapo Chingerezi, zinaphuka pa tsinde limodzi. Woweruza milandu wina wa ku Britain, William Jones, anazinena poyera ku Calcutta mu 1786, ndipo ena anapitiriza. Pa tsinde limenelo panali muzu umene amaulemba kuti "sem", tanthauzo lake "-modzi". Kwa ma Viking unabala "samr". Ku Roma unabala "similis", komanso "semel" kutanthauza kamodzi, ndi "simul" kutanthauza pamodzi kapena nthawi imodzi, kumene kunachokera "simultaneous" ndi "assemble". Ku India unabala "sama", ndipo mpaka lero mu Hindi ndi Gujarati "samaan" ndi chofanana kapena cholingana. Mukadzapitanso ku Limbe mudzawafunse akuluakulu a m'masitolo muja, mwina adzakuchotserani mtengo.

Tayang'anani tsopano Chichewa: kamodzi, pamodzi, umodzi, chimodzimodzi. Ndendende zimene Aroma anachita ndi "sem" wawo. Ndisanamizire kuti Chichewa ndi Chilatini n'zapachibale, ayi, chathu ndi cha banja la Bantu ndipo palibe anabwereka kwa mnzake. Kungoti anthu a mbali ziwiri za dziko, osadziwana, pofuna kunena kuti zinthu ziwiri sizikusiyana anagwira nambala yomweyo. Ndinkakonda kulemba zimenezi pa bolodi Lachisanu masana ana akayamba kuodzera.

Za mlanduwo, maganizo anga ndi akuti pa Chingerezi kasitomala akulondola. Koma pa umunthu, munthu wodziwa kuti chithunzi n'cha mlamu wake ndipo akukakumana naye pa mwambo umodzi, chinamuvuta n'chiyani kuwonjezera mzere umodzi?

Wa Masamu 345

Amayi, aphunzitsi afotokoza bwino, ine ndingowonjezera za kwathu ku masamu, chifukwa mwana wanu wa Fomu 3 akumana nazo ngati sanakumane nazo kale. Kwa ife "similar" si mawu ongolankhula mwachisawawa, ali ndi lamulo lolimba. Zinthu ziwiri ndi "similar" ngati maonekedwe ake ndi amodzi ngakhale kukula kutasiyana, mbali zonse zitakula mofanana. Triangle ya mbali 3, 4, 5 ndi ya mbali 6, 8, 10 ndi "similar". Makona ake sanasinthe, mbali iliyonse yangowirikiza kawiri. Zikakhala zofanana maonekedwe ndi kukula komwe, zoti mutha kusanjika imodzi pamwamba pa inzake osatsala kanthu, timati "congruent". Diresi lanu ndi la mlamu uja, ngati matupi awo ndi a saizi imodzi, ndi congruent.

Zimenezi n'zakale kwambiri. Euclid anazilemba ku Alexandria cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, ndipo Agiriki ankasimba kuti Thales anayeza kutalika kwa piramidi ku Egypt pogwiritsa ntchito chithunzithunzi chake padzuwa. Ine ndimatulutsa ana panja kukayeza mtengo wa bulugamu. Timazika ndodo ya mita imodzi, chithunzithunzi chake chikakhala mamita 2, ndipo cha mtengo chikakhala mamita 16, mtengowo ndi wa mamita 8. Palibe wokwera.

China chimene chingakuthandizeni pa ntchito yanu: mukawirikiza kawiri utali ndi ufupi womwe wa patani, nsalu yofunika siwirikiza kawiri ayi, imawirikiza kanayi. Ndiye ndiganiza kuti patani ya diresi la mwana ndi ya mayi ake ndi chitsanzo chabwino cha similar figures, ndidzagwiritsa ntchito m'kalasi.

Mayi Telala, Ndirande

Aphunzitsi a ku Zomba, zikomo kwambiri, "lofananirako" ameneyo wandilasa pamtima. Safunsa anadya phula, phulalo ndadya ine. Ndamuwerengera mwana uja zonse, pano wangoti ziii.

Koma achimwene a masamu, chitsanzo chanucho musakawaphunzitse ana, mukawasokeretsa. Munthu sakula ngati triangle. Mayi akachoka pa saizi 12 kufika pa 18, chiuno ndi mahipi zimapita kutali, koma mkono sutalika, msana sutalika, khosi limangosuntha pang'ono. Mwana naye mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, n'chifukwa chake khosi la diresi la mwana timalitsegula kwambiri kapena kuika batani paphewa. Mukangotenga patani ya mwana n'kuikulitsa mbali zonse mofanana, mayiyo khosi lidzafika pamimba. Zoti nsalu imadyeka kuposa momwe maso akuonera, pamenepo ndiye mwanena zoona, makasitomala onenepa sakhulupirira ndikawauza.

Wa Masamu 345

Ndagonja amayi. Ndibwerera ku bulugamu wanga.

Namwino ku Leeds

Achemwali, ndaseka koma ndakumverani chisoni. Ndakhala kuno zaka 12 ndipo ndikuuzeni kuti "similar" kuno ndi mawu amene anthu amabisalamo. Mukafuna kubwereka galimoto pa intaneti, amakuonetsani chithunzi chokongola n'kulemba kuti "VW Golf or similar". Tsiku lokatenga mupeza galimoto ina, ya kampani ina, mtundu wina, ndipo simungadandaule chifukwa zitseko ndi zinayi ndipo kukula n'komweko. Mukaitanitsa zakudya kusitolo kuti akubweretsereni kunyumba, chimene mwafuna chikatha amaikamo china n'kunena kuti ndi "similar item". Ine ndinaitanitsapo ufa wa chimanga woti ndiphikire nsima, anandibweretsera cornflour, uja wosalala ngati pawuda wothira mu supu. Kwa amene ankalongedzayo zonse ndi chimanga. Ndiye munthu amene wakhala kuno nthawi yaitali akamva "similar", m'mutu mwake mumabwera "china, koma cha m'gulu lomwelo". Kasitomala wanu sanaganize n'komwe kuti mungamve mwina.

Kuntchito kwathu mawuwa ndi nkhani yaikulu moti mpaka anapanga nawo dzina. Mankhwala wamba ngati paracetamol, kampani ina iliyonse itha kupanga ofanana ndendende ndi oyamba aja, chifukwa ndi kemikolo yodziwika bwino kapangidwe kake. Amenewo timati "generic". Koma pali mankhwala ena opangidwa kuchokera ku maselo amoyo, monga insulin ndi ena a nyamakazi ndi khansa. Amenewa sungawakopere ndendende, chifukwa chamoyo sichibereka zinthu ziwiri zofanana kotheratu, ngakhale fakitale yomweyo mtanda wa lero ndi wa mwezi wamawa zimasiyanako pang'ono. Ndiye kampani ina ikapanga ake, saloledwa kunena kuti ndi "the same". Amatchedwa "biosimilar", ndipo amayenera kuonetsa umboni kuti kusiyanako sikusintha kagwiridwe ntchito m'thupi la wodwala. Ku Europe oyamba anavomerezedwa mu 2006. Odwala ena tikawauza kuti tikuwasinthira ku biosimilar amakwiya, amati mukundipatsa feki. Timakhala pansi kuwafotokozera kuti similar si feki.

Koma ine pa mlanduwu ndili mbali yanu kuposa aphunzitsi. Anthu a kuno tikamatumiza mauthenga kumudzi timaiwala kuti Chingerezi chimene tazolowera mu basi ndi kuntchito si chimene munthu anaphunzira ku Fomu 2. Chichewa amachidziwa, "chinkhoswe" anatha kulemba, analephera bwanji kulemba chiganizo chonse? Theka analipiralo n'lochepa, maulendo awiri a ku Limbe aja ndani abweze?

Mnyamata wa ku Ulongwe

Moni akuluakulu, ine ndikulemba kuchokera ku Angónia, m'chigawo cha Tete. Ife sukulu tinaphunzira m'Chipwitikizi, ndiye nkhaniyi ndikuiona mwina. Kuno "similar" aliponso, kalembedwe komweko, koma ndi wa m'mapepala a boma ndi m'manyuzipepala. Mawu a m'mabuku ena ndi "semelhante", ochokeranso ku Chilatini chomwe chija aphunzitsi anena. Koma munthu wamba pamsika amati "parecido", ndipo amayi mumve izi: timati "parecido com", ndipo "com" ndiye "ndi". Ndiye "similar with" wanu uja kuno mukanakhoza mayeso. Chimodzimodzi timati "igual" kapena "o mesmo".

Pali mawu ena a banja lomweli amene kuno akuluakulu sawatchula mosekerera: "assimilado". Nthawi ya atsamunda a Chipwitikizi anthu akuda anawagawa pawiri. Ambiri ankatchedwa "indígenas", ndipo ndiwo ankagwidwa kupita ku chibalo ndi kukakamizidwa kulima thonje. Ochepa kwambiri ankapatsidwa chikalata chotchedwa "alvará" chonena kuti munthuyu tsopano ndi assimilado, kutanthauza kuti wafanizidwa ndi Mpwitikizi. Kuti uchipeze unkayenera kulankhula ndi kulemba Chipwitikizi, kukhala ndi ntchito yokudyetsa, kukhala ndi mkazi mmodzi, ndi kuonetsa kuti miyambo ya makolo wasiya. Ku Mozambique lamulo la chikalatachi linayamba mu 1917, ndipo dongosolo lonse logawa anthu chonchi, lotchedwa indigenato, linathetsedwa mu 1961.

Agogo anga ankanena za anthu oterewa kuti anavala nsapato koma pakhomo la mzungu ankaimabe panja. Powerenga zimene aphunzitsi alemba, kuti "similar" amavomereza kale kuti si chinthu chimodzi, ndakumbukira mawu amenewo. Chikalata chinkati wafanana naye. Sichinkati ndiwe iye, ndipo malipiro a ntchito imodzi ankasiyana. Pepani ndapatuka pa nkhani ya diresi.

Bambo a Junior, Joni

Ine sindine wophunzira koma ndili ndi funso kwa aphunzitsi pomwepa. Ndimagwira ntchito ya m'garaja kuno ku Johannesburg, abwana ndi anzanga ambiri amalankhula Afrikaans. Akafuna kunena kuti ukuoneka ngati mayi ako amati "jy lyk soos jou ma". Tsiku lina tinalandira galimoto yonyamula maliro kuti tikonze mabuleki, ndikumva akuitchula kuti "lykswa". Ndinafunsa, akuti "lyk" ndi mtembo. Ndinati mukundinamiza, mawu omwewo kuoneka, omwewonso mtembo? Anangoseka, palibe anandiyankha. Ndipo katchulidwe kake sikali kutali ndi "like" wa Chingerezi. Kodi pali nkhani pamenepa kapena zangochitika?

Mphunzitsi Wopuma, Zomba

Bambo a Junior, nkhani ilipo, ndipo khutu lanu ndi lakuthwa. "Similar" asanabwere, Angerezi sankasowa chonena, anali ndi mawu awoawo, amene lero ndi "like" ndi "alike". M'Chingerezi chakale, cha zaka 1,000 zapitazo, ankati "gelic". "Lic" linali thupi, lamoyo kapena lakufa, ndipo "ge" anali ngati "pamodzi". Choncho "gelic" ndi "wa thupi limodzi ndi", wa maonekedwe amodzi. Afrikaans inachokera ku Chidatchi, chomwe ndi chibale cha Chingerezi, ndipo inasunga zonse: "lyk" mtembo, "lyk" kuoneka, "gelyk" kulingana. Ajeremani amati "Leiche" mtembo, "gleich" chofanana. Angerezi tanthauzo la mtembo analitaya, linangotsalira pa "lychgate", kachipata kofolera kamene kamakhala polowera kumanda a matchalitchi akale, pamene ankatula maliro podikira wansembe. Anamwino a ku Leeds mukadzayenda m'midzi ya ku Yorkshire mudzationa timeneti.

"Lic" yemweyo anafupika n'kukhala "-ly" wa kumapeto kwa mawu. "Friendly" poyamba anali "wa thupi la bwenzi", "manly" wa thupi la mwamuna. Ndiye mukalemba "similarly" mwalumikiza mutu wa Chiroma ndi mchira wa Chingerezi chakale, ndipo zonse ziwiri zikunena za kufanana. Ngakhale "like" wa pa Facebook ndi wa banja lomweli. Kale mawuwo ankatanthauza kukomera, ndipo chiganizo chinkayenda chammbuyo, chinthu ndicho chinkachita "like" munthu, monga momwe ife timanenera kuti "chandikomera". Patapita zaka zinatembenuka, munthu ndiye anayamba kuchita "like" chinthu.

Mnyamata wa ku Ulongwe, simunapatuke. "Assimilate" ndi "ad" kuphatikiza "similis", kusandutsa chinthu kuti chifanane ndi china. Zimene mwalembazo sindinaziganizepo m'zaka zonse ndinkaphunzitsa mawu amenewa ngati nkhani ya chakudya chogayika m'mimba.

Anamwino, pa za theka ndavomera, ndinafewetsa mlandu.

Mayi Telala, Ndirande

Zikomo nonse, sindinayembekezere kuti diresi langa lifika mpaka ku manda a ku England.

Ndikuuzeni momwe zathera. Dzulo ndinawaimbira kasitomala aja, ndinati bwerani tikambirane chinkhoswe chisanafike, chatsala masiku 9. Ndaphwasula manja otukumuka aja, ndaika afupi ogwira mkono. Lesi wa pachifuwa ndachotsa yense, ndadula khosi la V. Pansi ndafupikitsa kufika pakati pa katumba, ndipo nsalu yotsalayo ndasokera duku ndi kachikwama. Chitenje n'chomwecho, pamenepo palibe chochita. Ayesa lero m'mawa, anazungulira pagalasi kawiri, akuti "now this is similar". Ine mumtima ndinati ili ndiye losiyana kumene, koma pakamwa ndinangoti "yes madam, similar to". Theka lija amaliza, awonjezera ndi ya minibasi nditawawerengera zimene analemba anamwino.

Tsopano masana ano wina wanditumizira chithunzi cha suti ya ana a pa ukwati, anyamata anayi, walemba kuti "something along these lines". Aphunzitsi, mizere yake iti? Sutiyo ilibe mizere, ndi yakuda bii. Nsalu sindinagule, lumo ndabisa m'kabati mpaka mundiyankhe.